Kodi Munthu-kavalo wa Mapiko Angathe Kuuluka?

Nkhani yathu ya mwezi uno yachokera m'kope la mwana wa sukulu. Mayi wina anandipeza Loweruka lina ali ndi kope la mwana wake wa Fomu 2 m'manja, nkhope ili yakugwa. Cha kumapeto kwa kopelo mnyamatayo anajambula chinthu chodabwitsa: kuyambira kumutu kulekeza m'chiuno ndi munthu wogwira uta, m'munsimo ndi kavalo wa miyendo inayi, ndipo pamsana pali mapiko aakulu onga a nkhwazi. Pa masamba atatu otsatira analemba zimene mtundu umenewu umadya, kumene umagona ndi mmene umalerera ana. Funso la mayiyo linali lalifupi: "Bambo, kodi mwana wangayu sanalowe zoipa?"

Funsoli nloyenera, pakuti kholo losayang'ana zimene mwana akuwerenga ndi kulemba lataya udindo wake. Koma tisanaweruze, tiyeni tiyambe tachidziwa chinthucho.

Kumene chinachokera

Mnyamatayo sindiye anachiyamba. Agiriki akale ankasimba za mtundu umene ankautcha kentauros, pa Chingerezi centaur, ife tingoti anthu-akavalo. Ankati ankakhala m'mapiri a ku Thessaly, makamaka pa phiri la Pelion. Ku Lefkandi, m'dziko la Greece, kunafukulidwa kachifanizo kadothi ka munthu-kavalo koumbidwa zaka pafupifupi 900 Khristu asanabadwe. Koma a ku Greece analibe mapiko. Wa mapiko timampeza ku Babylon, pa miyala imene mafumu ankalembapo za malire a minda zaka zoposa 3,000 zapitazo. Pamenepo anazokota munthu-kavalo wa mapiko, wa mchira wa chinkhanira, atakoka uta. Chithunzi chofanana nacho chilinso kudenga la kachisi wa ku Dendera, m'dziko la Egypt.

Ena amaganiza kuti nthanoyi inayamba ndi anthu amene anaona wokwera pa kavalo kwa nthawi yoyamba, nayesa kuti munthu ndi nyamayo ndi thupi limodzi. Msilikali wa ku Spain, Bernal Díaz, analemba kuti zoterezi zinachitika ku Mexico mu 1519, pamene eni dziko anaona asilikali a pa akavalo.

Thupi lake

Tsopano tifunse monga afunsira ophunzira za zamoyo. Choyamba, tiwerenge ziwalo. Mbalame, mleme, kavalo ndi munthu, onse ali nazo zinayi. Mbalame ilibe manja chifukwa mapikowo ndiwo manja ake, ndipo chimodzimodzinso mleme. Koma munthu-kavalo wa mapiko ali nazo zisanu ndi zitatu: miyendo inayi, manja awiri ndi mapiko awiri. Palibe nyama ya msana imene inapangidwa motero.

Chachiwiri ndicho kulemera. Kavalo wamkulu amalemera makilogalamu 450 kapena kuposerapo, ndiye kuti matumba 9 a chimanga, tisanaikepo theka la munthu lija. Pamene mbalame yotchedwa kori bustard, ya ku Botswana, Namibia ndi Tanzania, imene ili m'gulu la mbalame zolemera koposa mwa zouluka, ikakula kwambiri imangofika makilogalamu 18, ndipo nayonso imakonda kuyenda pansi. Mu 1971 ku Texas kunapezeka mafupa a chouluka chakale chimene chinatchedwa Quetzalcoatlus. Mapiko ake ankatambasuka mamita 10 kapena 11, komabe akatswiri ambiri amati chinkalemera makilogalamu 200 mpaka 250, theka chabe la kavalo.

Wina angati, "Ingomupatsani mapiko aakulu." Apa mpamene pagona vuto limene Galileo analifotokoza mu 1638. Chinthu chikakula kawiri m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, phiko lake limakula kanayi, koma kulemera kumakula kasanu ndi katatu. Chotero thupi likamakula, kulemera kumathamanga kusiya mapiko m'mbuyo. Ndiponso phiko silidzikupiza lokha. Amayi amene amatumbula nkhuku akudziwa fupa losongoka la pachifuwa limene limagwira mnofu wochuluka uja. Mnofu umenewo ndiwo umakoka mapiko. Kavalo alibe fupa lotere, ndipo minofu ya pachifuwa pake ili kale ndi ntchito yoyendetsa miyendo yakutsogolo.

Chachitatu ndicho chakudya. Kavalo womasuka amatha maola ngakhale 16 pa tsiku akudya msipu, ndipo ali ndi mano aakulu operera udzuwo. Nanga kakamwa ka munthu kangadyetse bwanji chithupi chotere? Mlembi wa ku Britain, C. S. Lewis, anaona vutoli, ndipo m'buku lake la ana la 1953, The Silver Chair, anawapatsa anthu-akavalo mimba ziwiri, ya munthu ndi ya kavalo, kotero kuti chakudya chawo cham'mawa chimatenga nthawi yaitali.

Ndipo tisayese kuti akale onse ankakhulupirira zimenezi. Lucretius, mlakatuli wa ku Rome amene anafa Khristu asanabadwe, anatsutsa ndi mfundo imene mlimi aliyense angaimve: kavalo wa zaka zitatu ndi wamphamvu kale, pamene mwana wa zaka zitatu akali kufunafuna bere la amake. Ziwirizi zingakule bwanji m'thupi limodzi?

Makhalidwe ake

M'nthano za Agiriki anthu-akavalo ankagona m'mapanga, ankadya nyama yaiwisi, ndipo zida zawo zinali miyala ndi nthambi za mitengo. Chimene chinawapha ndi vinyo. Ataitanidwa ku ukwati wa Pirithous, mfumu ya mtundu wa Lapith, analedzera nayesa kulanda mkwatibwi pamodzi ndi akazi ena. Ukwati unasanduka nkhondo, ambiri anafa, otsala napirikitsidwa kwawo. Agiriki anaiona nkhaniyi kukhala yofunika kotero kuti anaizokota pa kachisi wa Parthenon ku Athens, amene anayamba kumangidwa mu 447 Khristu asanabadwe. Ena mwa miyala imeneyo ali ku British Museum, ku London.

Koma panali mmodzi wosiyana ndi anzake, dzina lake Chiron. Iye anali wofatsa, wodziwa mankhwala, nyimbo ndi kusaka, ndipo ndiye analera ngwazi monga Achilles ndi Jason. Thupi lake linali lofanana ndi la oledzera aja, kusiyana kunali pa kudziletsa. Apa mpamene nthanoyi imatiloza chala. Ndani wa ife sanaonepo ukwati wokonzedwa miyezi yambiri ukuthera m'ndewu chifukwa cha mowa? Agiriki ankafunsa funso limene mnyamata ndi mtsikana aliyense ayenera kuyankha: m'thupi mwakomo akulamula ndani, mutu wa munthu kapena miyendo ya kavalo?

Olemba nthano a masiku ano akawonjezera mapiko, amakakamizika kuwonjezeranso miyambo yogwirizana nawo. Mtundu wolemera chotere ungamange midzi pa mapiri, kuti podzuka uzingodziponya m'phedi. Nyumba zake zingakhale za makomo aakulu, zopanda mipando. Wina sangathe kudzikonza yekha nthenga za kumsana, chotero angafunike mbale womukonza, ndipo pa nyengo yothothoka nthenga mudzi wonse ungakhale pangozi. Zonsezi mnyamata uja anazilemba, mwa nzeru zake yekha. Analembanso kuti ana a mtunduwo sauluka kufikira akulu atawavomereza, ndipo woswa lamuloli amamangidwa mapiko mwezi wathunthu.

Yankho kwa mayi uja

Ndinawauza mayiwo kuti m'kopemo sindinapezemo ufiti, koma nthano. Agogo athu potisimbira za Kalulu wolankhula, ife nkumavomera kuti "tili tonse," palibe anadzuka m'mawa kukafunsa kalulu wa kudambo nzeru. Tinkadziwa kuti ndi nthano, komabe phunziro lake tinkalisunga. Choopsa si chakuti mwana akupeka nkhani, koma kuti azipeka ali yekhayekha, wopanda wamkulu womufunsa.

Chotero makolo, musang'ambe kope musanaliwerenge. Khalani pansi ndi mwanayo, mumufunse: Kodi ichi nchoona kapena nchopeka? Chimadya chiyani? Mu mtundu wakowu wabwino ndani, woipa ndani, ndipo chifukwa chiyani? Mayankho ake adzakuonetsani za mumtima mwake koposa mmene ndodo ingachitire. Mukapeza zonyansa kapena zotamanda nkhanza, dzudzulani mosaopa. Ndipo inu achinyamata, pekani nthano zanu, koma mutatsiriza ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo, ndipo musabise zimene mwalemba, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.

Potsiriza, madzulo ena a mwezi wa June kukayera, tulukani ndi ana anu muyang'ane kummwera. Pafupi ndi nyenyezi zinayi zonga mtanda mudzaona ziwiri zowala kwambiri. Zimenezo zili m'gulu lotchedwa Centaurus, ndipo yowala koposayo, Alpha Centauri, ili m'kagulu ka nyenyezi zapafupi koposa ndi dzuwa lathu. Kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kutifike. Kumeneko ndiko munthu-kavalo anafika kumwamba, ndipo anafikako wopanda mapiko.