Maiko awiri aloledwa, koma dzina likufunika limodzi

Kuyambira pa 5 Januwale 2016, tsiku limene Pulezidenti Edgar Lungu anasaina lamulo lalikulu la dziko lokonzedwanso, nzika ya Zambia sitaya unzika wake chifukwa chotenga unzika wa dziko lina. Ku Malawi nako Nyumba ya Malamulo inavomereza zofanana ndi zimenezi mu Disembala 2018. Kwa mabanja ambiri a mu Chaisa, Matero, Chawama ndi George, amene agogo awo anachokera ku Mchinji kapena ku Kasungu ndipo ana awo ali pa nchito ku Johannesburg ndi ku London, iyi inali nkhani yabwino. Koma pali vuto limene malamulo awiriwa sanalithetse, ndipo limaonekera munthu akafika pa boda kapena pa bwalo la ndeke: mapasipoti ndi awiri, mwini wake ndi mmodzi, koma maina olembedwamo ndi osiyana.

Owerenga athu akudziwa kuti kwathu kuno munthu sakhala ndi dzina limodzi. Pali dzina la paubwana, pali la ubatizo, pali la atate, ndiponso pali mfunda monga Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe. Kalaliki wina analemba dzina la atate monga dzina lotsiriza, wina analemba mfunda. Mai amene kumudzi amadziwika kuti Naphiri kapena Nyabanda, m'tauni analembedwa ndi dzina la amuna ake. Ndiye pali kalembedwe. Chirwa wa ku Malawi amasanduka Chilwa akaoloka malire, Nyirenda nakhala Nyilenda, pakuti m'chilankhulo chathu zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo. Amene analembedwa ku Tete anakumana ndi kalembedwe ka Chipwitikizi, kamene kali ndi njira yakeyake. Pa maliro kapena pa ubatizo palibe amene amasokonezeka nazo, tonse timadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. Kompyuta ya pa boda sidziwa zimenezo, imangoyerekeza chilembo ndi chilembo.

Koma si kusiyana konse kwa maina kumene kunabwera mwangozi. Kwina kunabwera chifukwa cha mantha, ndipo manthawo anali ndi chifukwa chake. Anthu ambiri a ku Nyasaland anabwera kudzagwira nchito ku migodi ndi kuno ku Lusaka m'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, nakwatira, nabereka ana kuno. Lamulo lakale silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri. Choncho amene anafuna kusunga munda kumudzi kwa makolo komanso nchito kuno, ena a iwo anatenga reji yobiriwira ndi dzina lina, mapepala a tsidya lija ndi dzina lina, kuti maboma awiriwa asawazindikire.

Amene anali akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira mmene nkhani ya kumene munthu anachokera inasandukira chida cha ndale. Mu 1994 boma linathamangitsira ku Malawi atsogoleri awiri a chipani cha UNIP, a William Banda ndi a John Chinula, ponena kuti sanali nzika za Zambia. A Chinula anamwalirira komweko, ndipo mu 1999 bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linapeza kuti boma la Zambia linalakwa. Mu 1996 lamulo lalikulu linasinthidwa kuti woimira upulezidenti akhale ndi makolo onse awiri a ku Zambia, ndipo zimenezi zinatsekereza a Kenneth Kaunda, amene makolo awo anachokera ku Nyasaland. Mu 1999 Khoti Lalikulu ku Ndola linagamula kuti a Kaunda, munthu amene analamulira dziko lino zaka 27, analibe dziko, mpaka chigamulocho chinathetsedwa mu 2000. Ngati zinachitikira a Kaunda, kodi wogulitsa tomato pa msika wa mu Chaisa akanalimba mtima kuulula kuti atate ake anabadwira ku Dowa? Lero lamulo lasintha, koma mapepala amene analembedwa m'masiku a mantha aja akali m'masutikesi.

Tsono tione zimene zimachitika pa ulendo. Pa boda ya Mwami ndi Mchinji, imene kuyambira mu Disembala 2022 maofesala a maiko awiriwa amagwirira nchito pamalo amodzi, munthu amadinditsa kutuluka m'dziko limodzi ndi kulowa m'dziko linalo. Wa mapasipoti awiri angathe kutuluka ndi ya Zambia nalowa ndi ya Malawi. Ofesala wa Malawi akafunsa chidindo chotulukira, mumaonetsa pasipoti inayo, ndipo apa ndi pamene maina awiri amakumana pa tebulo limodzi. Akasiyana, ofesalayo ali ndi chifukwa chokwanira chokuimitsani ndi kukufunsani, basi ikudikira panja, mwina maliro akudikira kumudzi. Ena amapewa zonsezi polowa ndi pasipoti ya Zambia yokha. Zimatheka, koma mukatero mwalowa monga mlendo, mwapatsidwa masiku owerengeka, ndipo mukapitirira masikuwo chifukwa cha matenda kapena kukolola, mwapalamula m'dziko limene ndinu nzika yake.

Pa ndeke zinthu n'zolimba koposa. Dzina la pa tiketi liyenera kufanana ndi la mu pasipoti imene mwapereka kwa kampani ya ndeke, ndipo kampaniyo siikweza munthu isanakhutire kuti dziko limene akupita lidzamulandira. Tiyerekeze mwana wamkazi wa kuno amene anakwatiwa ku Britain. Pasipoti ya kumeneko ili m'dzina la amuna ake, ya Zambia ili m'dzina la atate ake. Tiketi ndi imodzi, yopita ndi kubwerera, ndipo singalembedwe maina awiri. Kuyambira mu 2022 anthu a pasipoti ya Britain safuna viza kuti alowe mu Zambia, choncho angagule tiketi m'dzina la amuna ake, koma akalowa ndi pasipoti imeneyo walowa monga mlendo kwawo komwe. Njira imene ambiri amatsata ndi kugula tiketi m'dzina la pasipoti imene kampani ya ndeke idzafuna kuona, kunyamula mapasipoti onse awiri, ndi kukhala ndi setifiketi ya ukwati m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa ndeke. Dziko lililonse mutuluke ndi pasipoti imene munalowera. Dziwaninso kuti South Africa ndi America amalamula nzika zawo kulowa ndi kutuluka ndi pasipoti ya dziko lawo, ndipo ofesi ya mapasipoti ya Britain kawirikawiri imafuna kuti dzina la mu pasipoti ya dziko lina liyambe lakonzedwa isanapereke yake.

Mlimi amene sanakwerepo ndeke asaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni okha. Dzina la pa reji ndi limene limafunika polembetsa fetereza wa FISP, potsegula akaunti ku banki, polembetsa nambala ya foni, ndi polandira ndalama za chimanga chogulitsidwa ku FRA. Munthu akamwalira, ana amene maina awo sagwirizana ndi mapepala a kholo amavutika kutenga penshoni kapena nyumba. Ndipo popeza Malawi inalemba anthu ake oposa 9 miliyoni mu 2017 ndi zidindo za zala, ndipo Zambia nayo yayamba njira yomweyo, masiku okhala ndi maina awiri popanda wodziwa akupita kumapeto.

Kukonza kumayambira pa pepala la pansi, osati pa pasipoti. Pasipoti imatsata reji, choncho reji ikalakwika, pasipoti nayo idzalakwika nthawi zonse. Ngati vuto ndi la chilembo chimodzi kapena ziwiri, yambirani ku ofesi yolembetsa anthu, mutanyamula mapepala a kusukulu ndi kalata yolumbira yonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ngati mukusintha dzina lonse, pamafunika chikalata chotchedwa deed poll, chimene maloya amakonza. A ukwati wa mwambo apite ku Local Court kukatenga setifiketi. Amene anataya unzika wa Zambia chaka cha 2016 chisanafike sabwezeredwa okha, ayenera kupempha ku Citizenship Board of Zambia. Ndipo wofuna kuimira upulezidenti kapena kulowa usilikali adziwe kuti unzika wa maiko awiri umamuletsa.

Apa maparishi athu ali ndi gawo. Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 14 okha ndi amene analembedwa m'kaundula wa kubadwa. Kwa anthu ambiri, makamaka achikulire, buku la ubatizo ndilo pepala lakale koposa lokhala ndi dzina lawo, la makolo awo ndi tsiku lobadwa. Khadi la ubatizo si chitupa cha boma, koma limathandiza monga umboni. N'chifukwa chake akatekisiti ndi alembi a parishi, polemba mwana, afunse reji ya kholo ndi kukopera dzina monga lilili, osati monga alimvera m'khutu.

Chotsalira ndi cha boma. Kupereka bodza potenga reji ndi mlandu, ndipo pa chifukwa chimenechi amene anatenga dzina lachiwiri kalekale amaopa kufika pa ofesi. Unduna wa za m'dziko uyenera kusiyanitsa wakuba amene akubisala ndi gogo amene anabisa kwawo chifukwa lamulo la nthawi imeneyo linamukakamiza kusankha. Ulengeze nyengo yoti anthu otere akonze maina awo popanda chilango, pa mtengo umene wogulitsa makala angakwanitse, ndipo maofesala apite m'makomboni ndi m'maboma a m'malire monga Chipata, Vubwi, Lundazi ndi Katete, monga amachitira akamapereka mareji zisankho zikayandikira.