Lilime Ndi Lanu Kapena Mwabwereka?

Pali nthenda pakati pa anthu ophunzira pano: kumwa ndi maso. Apatseni vinyo, sayamba anunkhiza ayi. Amatembenuza botolo, naŵerenga chaka chimene mphesa zidathyoledwa, nkugwedeza mutu monga buku la ku London lawalamulira.

Paphwando lina la aphunzitsi adatsekula vinyo woyera amene adagona m'kabati zaka zoposa khumi. Mwini wake adapepesa asanathire nkomwe: akuti chakacho akatswiri adachinyoza, mvula idachuluka. Ine mwana wa ku Rumphi, woleredwa ndi chindongwa, ndidalaŵa. Mtundu wake udali utasanduka ngati uchi, fungo ngati masuku akupsa, ndipo kuŵaŵasa kwake kudatsalira pa lilime nthaŵi yaitali. Anzathu aja adathira kaŵiri, ena katatu, koma panalibe woyerekeza kuyamikira. Ankaopa buku.

Kodi akatswiriwo ndi milungu? Mu 1976 ku Paris, Steven Spurrier adabisa maina a mabotolo, ndipo akatswiri a ku France eni ake adapereka malo oyamba kwa vinyo woyera wa ku California, Chateau Montelena wa 1973, nasiya wakwawo wa ku Burgundy. Ku South Africa mphesa za Chenin Blanc, zimene ankazitcha Steen, zidakhala zaka zambiri zikuthera mu brandi ndi vinyo wotchipa; lero alimi akusakasaka mipesa yake yakale.

Vinyoyo sindikumulirira, kakobidi kanga sikangamugule. Chondiŵaŵa nchakuti nthenda yomweyi imatichititsa kunyoza zakwathu. Ku mapiri a Phoka ndi ku Nchenachena amalima khofi wa arabika amene Mzuzu Coffee imagulitsa kunja. Mayi wothyola zipatso zofiira chimodzichimodzi amachidziŵa chaka chimene chifunga chidaukomera munda, ndi chimene dzuŵa lidauotcha. Ndani adamfunsapo? Mtengo umayambira pa msika wa ku New York! Ife kuno tili pikitipikiti ndi wa m'chitini wochokera kunja, kudikira mlendo alembe kuti wa ku Phoka ngwabwino kuti nafenso tiyambe kutukula mphuno. Ku Lilongwe a Linga amapanga vinyo wa jambula ndi magwafa. Kamtchuleni m'chipinda chopumulira aphunzitsi, muone milomo ikupotoka.

A Mkonzi, pamsonkhano wotsatira tichite zija za Spurrier. Makapu, khofi wa ku Phoka, wa m'chitini ndi pepala lomata pa maina ndibweretsa ndine. Madokotala athu angobwera ndi malilime awo.