Sukulu ya pa foni: imufika mwana wa ku Macanga?

TETE — Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse za m'dziko la Mozambique zinatsekedwa, potsatira chilengezo cha pulezidenti wa nthawiyo, a Filipe Nyusi, pofuna kupewa mliri wa Covid-19. Ana oposa 8 miliyoni anabwerera kwao, ndipo Unduna wa Maphunziro unalamula kuti maphunziro apitirire ana ali panyumba, kudzera pa wailesi, pa wailesi ya kanema, pa intaneti ndi pa mapepala. Mliri uja unadutsa, koma funso limene unasiya likadali pakati pa makolo ndi aphunzitsi a m'chigawo chino: kodi foni ingalowe m'malo mwa kalasi, ndipo ngati ingalowe, ndi ana angati amene angatsale kunja?

Funsoli si lachabe, chifukwa sukulu sizitsekedwa ndi matenda okha. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anaononga zipinda zophunziriramo zoposa 3,000 pakati pa dziko lino. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize. Nthawi ngati zimenezi zidzabweranso, ndipo pamene zabwera mawu oti ana aphunzire pa foni adzamvekanso. Ndi bwino tsono kuona zimene zinachitika pamene njirayi inayesedwa.

Chaka cha 2020 wailesi ya kanema ya TVM inkaulutsa maphunziro a Telescola, Rádio Moçambique ndi mawailesi a m'madera nawonso anali ndi nthawi za ana a sukulu. M'mizinda aphunzitsi ena anatsegula magulu pa WhatsApp, ndipo sukulu zina zolipira zinkaphunzitsa pa intaneti tsiku ndi tsiku. Kumidzi chimene chinafika kwambiri ndi mapepala a mafunso, aja anthu ankangowatchula kuti ficha, amene kholo linkayenera kukatenga kusukulu ndi kukabweza mwana akayankha. Ana a makalasi olemba mayeso, 7, 10 ndi 12, anabwerera m'kalasi kumapeto kwa chakacho. Otsalawo anadikira mpaka Malichi 2021, ndipo anakwezedwa kupita m'kalasi yotsatira popanda mayeso. Mwana wa kalasi 2 anakhala pafupifupi chaka chathunthu osaonana ndi mphunzitsi, nakalowa kalasi 3 ngati kuti zonse anaziphunzira.

Ubwino wake ulipo

Sikungakhale kunena zoona kukana kuti kuphunzira pa intaneti kuli ndi phindu. Choyamba ndi mtunda. M'maboma monga Chifunde, Marávia ndi Zumbo sukulu za sekondale n'zotalikirana, ndipo mwana akamaliza pulayimale amayenera kuyenda ulendo wautali kapena kukakhala kwa achibale kuboma. Chiyambire 2023, pamene kalasi 7 inasamutsidwira ku sekondale potsatira lamulo la maphunziro la 2018, vuto la mtundali likugwira ana ang'onoang'ono kuposa kale. Phunziro likabwera pa foni, mtunda uja umachepa.

Chachiwiri ndi mabuku. Wophunzira wa kalasi 12 amene ali ndi foni yabwino angathe kupeza mayeso a zaka zapita, kuonera momwe masamu ovuta amawerengedwera, ndi kubwereza phunziro lomwelo kasanu mpaka atamva. M'kalasi ya ana 60 kapena 70 mphunzitsi sangabwereze chinthu chimodzi kasanu chifukwa cha mwana mmodzi. Chachitatu ndi aja amene kalasi ya masana inawakana: mtsikana amene wabereka, mnyamata amene amagwira ntchito, mwana wolumala amene sangayende. Kwa amenewa kuphunzira ali kunyumba kumatsegula khomo limene linali lotseka.

Koma zabwino zonsezi zili ndi poyambira pamodzi. Zimafuna foni, magetsi, ndalama ya mamega, ndi mwana wodziwa kale kuwerenga. Apa ndi pamene nkhani imasinthira.

Magetsi, mamega ndi chilankhulo

Kalembera wa anthu wa 2017 anapeza kuti nyumba 22 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkagwiritsa ntchito magetsi, ndipo anthu ogwiritsa ntchito intaneti sankafika 7 mwa 100. Chiwerengerochi chakwera kuchokera nthawi imeneyo, ndipo boma lili ndi cholinga choti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Komabe anthu awiri mwa atatu a dziko lino amakhala kumidzi, ndipo kumeneko n'kumene mawaya amafika mochedwa. Chigawo cha Tete chili ndi damu la Cahora Bassa, limene mphamvu yake ndi mamegawati 2,075, koma magetsi ambiri a kumeneko amagulitsidwa ku South Africa. Pali midzi m'chigawo chomwechi kumene foni imatchajidwa pamsika, kwa munthu wa sola, molipira.

Foniyo nthawi zambiri imakhala imodzi pabanja, ndipo mwini wake ndi bambo. Bambo akapita kumsika kapena kudimba, sukulu yapita nawo m'thumba. Pabanja la ana anayi a makalasi osiyana, wamkulu ndiye amapatsidwa mpata, ang'ono amaonerera.

Nkhani ya mamega nayo si yaing'ono. Kampani za Tmcel, Vodacom ndi Movitel zafika madera ambiri, koma phunziro la kanema limadya mamega msanga kuposa uthenga wolemba. Mu Meyi 2024, bungwe loyang'anira zamtokoma la INCM litakhazikitsa mitengo yatsopano imene inathetsa mitolo yopanda malire, ophunzira anachita zionetsero ku Maputo, ndipo patangopita masabata ochepa mitengoyo inaimitsidwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pa nthawi ya zipolowe zotsatira chisankho cha mu Okutobala, intaneti ya pa foni inkadulidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook sizinkatseguka bwino kwa masiku angapo. Sukulu yodalira foni imatsekedwa tsiku limene mtengo wakwera kapena netiweki yadulidwa, mphunzitsi ndi kholo osafunsidwa.

Palinso vuto lina limene silitchulidwa kawirikawiri, ndilo chilankhulo. Malinga ndi kalembera yemweyo, anthu osafika 17 mwa 100 ndiwo anayamwa Chipwitikizi ngati chilankhulo chawo choyamba. Mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano amayamba sukulu akulankhula Chinyanja. M'kalasi mphunzitsi akaona nkhope zasokonezeka amatha kutembenuza mawu awiri atatu m'chilankhulo cha kunyumba, ana n'kumva. Foni siona nkhope ya mwana, ndipo pafupifupi zonse zimene zili pa intaneti za maphunziro a dziko lino zili m'Chipwitikizi. Chodabwitsa n'chakuti chigawo chino ndi chimodzi mwa ziwiri kumene kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri kunayesedwa koyamba, pakati pa 1993 ndi 1997, Chinyanja ku Tete ndi Chishangana ku Gaza. Nzeru imeneyo ilipo kale, koma pa foni sinafikepo mokwanira.

Mwana akakhala pakhomo

Sukulu si malo olandirira maphunziro okha. Ndi malonso amene amasunga mwana maola angapo pa tsiku kutali ndi khasu, mtondo ndi msika. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi, nyengo yokolola chimanga ndi kusankha fodya ili pafupi. Pabanja losauka, mwana amene ali pakhomo ndi dzanja lina la ntchito, ndipo ficha imadikira madzulo, pamene kulibe kuwala.

Kwa atsikana chiopsezo n'chachikulu koposa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anaonetsa kuti pafupifupi theka la atsikana a dziko lino ankakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo n'chifukwa chake mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana. Mtsikana akajomba sabata imodzi, mphunzitsi amaona mpando wopanda munthu n'kufunsa anzake. Akasowa pa gulu la WhatsApp palibe amene amadziwa ngati mamega atha kapena ngati wapita kubanja.

M'mizinda, kumene mafoni alipo, vuto limakhala lina. Foni yomweyo imene imabweretsa phunziro imabweretsanso masewero, njuga ndi anthu osadziwika amene amalembera ana mauthenga. Wachinyamata wa zaka 15 akakhala yekha ndi foni tsiku lonse, kholo limene silidziwa kuwerenga silingasiyanitse ngati akuphunzira kapena akusewera. Nalonso yankho lokopera kwa mnzake pa foni limafika kwa mphunzitsi looneka bwino ngati la mwana amene wamva.

Zimenezi si za Mozambique yekha. Mu 2020 bungwe la UNICEF linawerengera kuti ana osachepera 463 miliyoni pa dziko lonse, mmodzi mwa atatu alionse a sukulu, sanafikiridwe ndi maphunziro akutali pamene sukulu zinali zotseka. Kum'mawa ndi kumwera kwa Africa anali pafupifupi theka.

Njira yapakati

Zimene zinachitikazi zikuonetsa kuti msinkhu wa mwana ndiwo uyenera kutsogolera. Mwana wa makalasi oyambirira, amene akuphunzira kugwira pensulo ndi kulumikiza zilembo, amafuna munthu pambali pake. Wachinyamata wa ku sekondale, amene amawerenga yekha, foni ingamuthandize, makamaka ngati ali ndi mphunzitsi wokumana naye nthawi ndi nthawi. Umu ndi momwe ndondomeko ya boma ya sekondale yakutali, ija imatchedwa PESD, inakonzedwera: wophunzira amawerenga mabuku ake kunyumba, n'kumapita kumalo othandizira kukafunsa zimene zamuvuta. Intaneti ikaonjezedwa pa ndondomeko yotere imalimbitsa chimene chilipo kale.

Kutsidya kwa malire, dziko la Malawi linayamba mu 2023 kugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale pansi pa ndondomeko ya BEFIT. Matabuletiwo amatchajidwa ndi sola, safuna intaneti pamene mwana akuphunzira, maphunziro oyambirira ali m'Chichewa, ndipo ana amawagwiritsa ntchito kusukulu komweko mphunzitsi ali pomwepo. Chipangizo chimapita kusukulu m'malo moti sukulu ipite pa foni ya bambo. Popeza chilankhulo cha ku Dedza ndi cha ku Ulónguè n'chimodzi, akuluakulu a maphunziro m'chigawo chino ali ndi chifukwa chabwino chotsatira momwe ntchitoyo ikuyendera.

Wailesi nayo isaiwalidwe. Imayenda ndi mabatire, siifuna mamega, ana khumi angathe kumvera imodzi pansi pa mtengo, ndipo nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa kale m'Chinyanja. Chofooka chake n'chakuti mwana sangaifunse funso, koma imafika kumene foni yamakono sinafike.

Mlatho ukadzagwanso kapena sukulu zikadzatsekedwanso, chilengezo choti ana aphunzire ali kunyumba chidzatuluka tsiku limodzi. Chimene makolo ndi makomiti a sukulu angafunse lero, mvula isanagwe, ndi ichi: maphunziro a pa wailesi a m'Chinyanja ajambulidwa kale kapena ayi, mapepala adzasindikizidwa ndi ndalama ya yani, ndipo ndani adzayenda khomo ndi khomo kuwerenga ana amene sanabwerere sukulu zitatsegulidwa.