Madzi otentha a ku Montagu, na funso limene tinabwela nalo

Ku Cape Town tinapitila ukwati. Mkulu wake wa mnzathu amene timathandizana naye pa wailesi ndiye anali kukwatila, ndipo ise anayi tinasonkha ndalama miyezi ingapo kuti tikamuvinile. Ukwati utatha tinatsala na masiku awili. Mulamu wathu watsopano anati nyanja taiona, Table Mountain taiona, manje tiyeni ku mapili kumene ambuye ake anakulila akuthyola maapulikoti m'mafamu. Tinabweleka motoka, tinagawana ndalama za mafuta, n'kuyamba ulendo wa ku Montagu.

Ni mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Mumatenga msewu wa N1, kulowa pansi pa phili mu Huguenot Tunnel, kufika ku Worcester, kupatukila ku Robertson na Ashton, minda ya mphesa uku na uku. Mukangopitilila Ashton mapili a Langeberg amakutsekelani kutsogolo, ndipo msewu umalowa mu mpata wochedwa Cogmanskloof. Miyala ya kumeneko ni yofiila, yopindika monga munthu anaifinya na manja ikali yofewa. Pakati pa mpata msewu umaboola thanthwe. Ciboo cimeneco ni cacifupi, mamita osakwana 20, ndipo anaciboola ni Thomas Bain, amene anatsiliza msewu uwu mu 1877. Pamwamba pake pali kalinga ka miyala kamene asilikali a Britain anamanga mu 1899 pa nkhondo yao na Mabunu. Mukatuluka mu ciboo, tauni ili apo.

Ni kang'ono. Mungakayende konse na mendo musanamve njala. Kanayamba mu 1851 pa famu yochedwa Uitvlugt, pamene mitsinje ya Keisie na Kingna imakumana. Mu Long Street muli nyumba zakale zoyela, zina zofolela na udzu, zosungidwa bwino maningi. Joubert House, yomangidwa mu 1853, manje ni myuziyamu, ndipo kumbuyo kwake kuli dimba la mitengo na zitsamba za mankhwala zimene anthu akale anali kugwilitsa nchito. M'mashopu muli zipatso zoumika, mapichesi, maapulikoti, mphesa, na vinyo wotsekemela wa muscadel. Pakati pa tauni pali kadamu kamene mitengo yake yadzala mbalame, phokoso monga pa Soweto Market m'mawa.

Madzi otentha ali kumapeto kwa tauni. Kuli kanjila ka mendo ka makilomita awili kodutsa mu mpata wina, Badkloof, m'mbali mwa mtsinje. Madzi amatuluka pansi ali pa madigili 43, ndipo amawatsogolela m'madamu osambilamo. Kulibe phili lophulika moto kumeneko, monga mmene mmodzi wa ise anaganizila. Ni mvula cabe. Imagwa pa mapili, imalowa m'ming'alu ya miyala mpaka pansi kwambili, kumene miyala ni yotentha. Pa kilomita iliyonse imene mwatsika, kutentha kumakwela na madigili 25 mpaka 30. Madzi akapeza mng'alu wobwelela nao kumwamba mwamsanga, amafika asanazizile.

Tinasamba. Tisaname, zinali bwino. Msana umene unauma na ulendo unamasuka, mphepo ya ku mapili ikuomba kumaso, thupi lonse lili m'madzi ofunda. Aliyense amene ali ku Cape Town na tsiku limodzi lopuma, apite.

Koma tisanasambe tinayamba taima pa geti n'kulipila. Ndipo pamene tinali m'madzi, mulamu anatiuza kuti ambuye ake anakhala moyo wao wonse pafupi na akasupe amenewa koma sanaikemo olo phazi. Poyamba cinali cifukwa ca khungu. Lamulo la 1953, Reservation of Separate Amenities Act, linalola kupatula anthu m'malo osambila, m'mapaki na m'magombe malinga na mtundu, ndipo linafafanizidwa mu 1990. Lamulo litapita, anati, cotsala cinali thumba. Wothyola zipatso amagwila nchito ya nyengo, ndalama ya pa geti ni ndalama ya cakudya. Anatisonyeza na cala kumene kuli Ashbury, komboni yao, kutali pang'ono na nyumba zoyela zija.

Kucokela apo tauni inayamba kuoneka mwina. Dzina lakuti Cogmanskloof licokela ku fuko la Akhoi amene anali kudyetsa ziweto kumeneko azungu asanafike. Koma nthano imene alendo amauzidwa ni ya mlendo wa ngolo amene anavulala dzanja, n'kulisambitsa m'madzi aja, n'kupola, ndiye "anapeza" kasupe. Kodi anthu amene anakhala mu mpata umenewo zaka mazana sanaone nthunzi ikufuka m'mawa mwa cisanu? Ise a ku Zambia nkhani iyi timaidziwa, tili na Mosi-oa-Tunya. Nayenso John Montagu, amene tauni inatengela dzina, anali mlembi wamkulu wa boma la atsamunda ku Cape, ndipo amadziwika cifukwa ca misewu ya m'mapili imene inamangidwa na akaidi. Maina a akaidi aja simudzawaona pa cikwangwani.

Pobwelela, mu motoka munali mkangano, ndipo mkangano umenewo ndiwo watilembetsa nkhani ino. Mmodzi anati, "Ise tigona. Pa Chinyunyu pafunika hotela monga iyi." Tonse tinavomela msanga, cifukwa ni mau amene Mzambia aliyense amakamba akabwela kucokela kunja. Titafika ca ku Worcester tinali titasintha maganizo.

Zambia ili na akasupe a madzi otentha opitilila 80. Chinyunyu ili m'mbali mwa Great East Road, m'boma la Rufunsa, makilomita osakwana 100 kucoka mu Lusaka. Tonse amene timakwela mabasi a ku Chipata, Katete na Petauke tadutsapo kambili, ambili tili m'tulo kapena maso ali pa foni. Ku Muchinga kuli Kapishya, pa mtsinje wa Mansha, pafupi na nyumba ya Shiwa Ng'andu imene Stewart Gore-Browne anamanga. Ku Lochinvar kuli Gwisho, kumene ofukula zakale m'zaka za m'ma 1960 anapeza mafupa na zida za anthu amene anakhala pambali pa akasupe zaka masauzande zapitazo. Madzi tili nao, na mbili yomwe tili nayo.

Maganizo athu ni awa: cimene tiyenela kutengela ku Montagu si damu losambilamo na geti. Cimeneco n'cosavuta, munthu mmodzi wa ndalama angacimange m'caka cimodzi. Cimene cimagwila mlendo ku Montagu ni tauni yozungulila madzi. Munthu amabwelela kusamba, koma amagona usiku, amadya, amagula zipatso zoumika, amalowa mu myuziyamu, amakwela miyala, amayenda m'tunjila twa m'mapili. Ife tinawononga ndalama zambili kunja kwa geti kuposa mkati. Ndalama imeneyo imafika m'manja ambili. Koma mukaika hotela pa kasupe pamene palibe cina, mlendo amalowa na motoka yake, amadya mkati, amagona mkati, n'kutuluka magalasi ali otseka. Amai ogulitsa nthoci na tute pa msewu amangoona fumbi.

Ndipo cimene tiyenela kukana ni cija cinacitikila ambuye a mulamu wathu. Kwathu kuno sitidzalemba cikwangwani ca khungu, koma mtengo wa pa geti umagwila nchito imodzimodzi popanda phokoso. Ngati tsiku lina wina adzapatsidwa malo pa kasupe aliyense wa m'dziko lino, pepala la pangano linene poyela kuti anthu a m'midzi yozungulila ali na njila yao yofikila ku madzi, na malo ao osambila, osalipila. Zilembedwe mpanda usanamangidwe, mfumu, khansala na anthu ali pomwepo. Mpanda ukaima, kukambilana kumasanduka kupempha.

Tidziwa amene adzatsutsa, cifukwa mmodzi wa iwo anali mu motoka. Anati malo aulele amaonongeka: mabotolo, mapepala a pulasitiki, sopo, anthu kucapilamo zovala, ena kudzithandiza m'thengo pafupi na madzi. Anati zimbudzi sizidzimanga zokha, wosesa afunika malipilo, ndipo amene waika ndalama zake afunika phindu. Zonsezi n'zoona. Ku Montagu kunali kwaukhondo cifukwa pali wina amene amalipidwa kuti kukhale kwaukhondo. Sitikamba kuti pasakhale kulipila. Ise ocokela mu Lusaka na Chipata, amene timagula mabando a intaneti sabata iliyonse, tilipile, ndipo tisadandaule. Mlendo wocokela kunja alipile zoposa. Izi si zacilendo, pa Victoria Falls mtengo wa nzika na wa mlendo ni wosiyana kudala. Tingoonjezela sitepe imodzi pansi, ya munthu amene anabadwila pomwepo. Wamalonda amene phindu lake lingagwe cifukwa ambuye a m'mudzi asamba mahala Lacitatu m'mawa, ndiye kuti malonda ake anali odwala kale.

Palinso phunzilo lina limene ku Montagu analilipila na miyoyo. Pa 25 January 1981 kunagwa cimvula m'dela lonse lija. Ku Laingsburg kunafa anthu opitilila 100. Ku Montagu madzi anatsika mu mpata uja tinayendamo, n'kukokolola malo osambila na anthu amene analipo. Zimene tinasambamo ise ni zomangidwa pambuyo pake. Akasupe otentha nthawi zambili amakhala m'zigwa, pafupi na mitsinje, cifukwa ndiko kumene ming'alu imatulukila. Amene adzamanga kwathu ayambe wafunsa akulu a pamalopo kuti madzi a mvula anafikapo pati. Timadziwa mmene timamangila mu Lusaka, na zimene zimacitika ku Kanyama mvula ikalimba.

Tipatuke pang'ono, pakuti pa wailesi timalandila mafoni a mtundu uwu. Madzi otentha amamasula minofu, amacepetsa kuwawa kwa mfundo, amagonetsa tulo tabwino. Sacilitsa HIV, sacilitsa shuga, sacilitsa BP. Amene akumwa ma ARV kapena mankhwala ena a ku cipatala asasiye cifukwa wabwela na cigubu ca madzi a pa kasupe, olo munthu wina atawapemphelela. Amai apakati na odwala mtima asakhalitse m'madzi otentha. Matauni ambili a akasupe padziko anakula na malonjezo a macilitso, ndipo ise tisayambile pa bodza limenelo.

Cinanso cimene cinatikhudza ni ca Kapisya wina, wa ku Nsumbu pafupi na nyanja ya Tanganyika, osati wa ku Shiwa Ng'andu. Kumeneko m'zaka za m'ma 1980 kunaikidwa makina opangila malaiti kucokela ku madzi otentha, na thandizo la dziko la Italy, koma malaiti sanafike kwa anthu. Timakumbukila zimenezi nthawi zonse malaiti akazima pakati pa pulogilamu. Kasupe si wa kusamba cabe, ndiye n'cifukwa cake funso la mwini wake lidzakula m'tsogolo muno. Kumene kuli mphamvu ya malaiti kumabwela anthu a mapepala, ndipo amabwela msanga kuposa alendo.

Ise acinyamata a m'tauni tili na mlandu wathu. Timadziwa maina a malo a ku Dubai amene sitidzapondako, koma funsani m'kilabu kuti Gwisho ili kuti. Malo amene eni dziko sapitako ni osavuta kugulitsa, cifukwa palibe amene adzazindikila kuti apita. Ise tomwe tinafunika kuwoloka malile atatu na kuvina ukwati kuti tiyambe kuganiza za madzi amene ali maola awili kucoka pa Intercity.

Ndiye mwezi wa mawa tikwela basi na lekoda yathu yaing'ono, titsike pa Chinyunyu. Tifuna kukhala pansi na akulu a Cisoli a kumeneko, atiuze mmene makolo ao anali kuchulila malowo, zimene zinali zoletsedwa pa madzi, ndani anali kusamba mbali iti, na cimene iwo afuna kuti pamangidwe kapena pasamangidwe. Tidzaulutsa mmene adzakambila, m'mau ao. Mulamu watilonjeza kuti akabwela ku Zambia kudzaona apongozi ake tidzapita naye. Ambuye ake anamwalila zaka zingapo zapitazo. Ku Montagu anatenga madzi pang'ono m'botolo la pulasitiki, anati akawathila pa manda.