Kamakina ka insulin kafika, koma nyeleti sitinataye

Mwana wa mlongo wanga anatsika basi ya ku Lusaka pa Kapata ali ndi kamakina m'ciuno. Kukula kwake sikaposa kafoni kaja ka mabatani, ndipo kapaipi koonda ngati ulusi kacokera pamenepo n'kulowa pansi pa khungu la pamimba. Atandipatsa moni anati, "Amalume, manje nyeleti zasila." Amai ake analira pomwepo pa siteshoni, anyamata oitanira mabasi akuyang'ana.

Papita miyezi isanu. Ndilemba lero cifukwa anthu ambiri akhala akutiimitsa kuchalichi ndi pamsika kufunsa kuti kamakinako kapezeka kuti. Wina ananena kuti agulitsa ng'ombe ziwiri kumudzi kuti agulire mwana wake. Ndisanamulimbikitse kapena kumuletsa, ayambe wamva zimene taona ife.

Mtsikanayu anamupeza ndi matenda a shuga ali ndi zaka 11. Anayamba kuonda, kumwa madzi kosalekeza, kukodza usiku wonse mpaka kunyowetsa zofunda. Oyandikana nawo nyumba anati amulodza, ena anati ni ziwanda. Tinataya masabata angapo tikuzungulira kumene sitinayenera kupita, ndipo kucipatala tinafika naye atakomoka. Ndi kumeneko tinamva kuti shuga ili mitundu. Uwu wa ana ambiri, umene madokotala amati Type 1, subwera cifukwa codya maswiti kapena kunenepa ai. Thupi lenilenilo limaononga tizigawo ta kapamba timene tipanga insulin. Popanda insulin, cakudya cimasanduka shuga wongozungulira m'magazi osalowa m'minofu, munthu n'kumafota uku akudya. Mapilisi sathandiza pa mtundu umenewu. Munthu afunika insulin tsiku lililonse mpaka moyo wake wonse.

Kwa zaka zinai anali kudzilasa nyeleti kanai patsiku. Werengani mwekha: ndi nyeleti 1,460 pacaka, pathupi la mwana. Ndiye pamene mlongo wa atate ake, amene agwira nchito ya unesi ku Johannesburg, anati wasonkhanitsa ndalama zogulira pampu ya insulin, palibe anatsutsa. Kamakina katsopano kotere kagulidwa madola masauzande angapo. Ife pathu sitikanakwanitsa olo titagulitsa puloti.

Kagwiridwe kake ka nchito n'kosavuta kumva. Mkati muli kabotolo ka insulin wogwira nchito mwamsanga. Kamakina kamadontheza pang'onopang'ono usana ndi usiku, monga mmene kapamba wabwino acitira. Ikafika nthawi ya cakudya, mwini wake amadina mabatani kuonjezera mlingo wolingana ndi zimene adzadya. Kapaipi ka pamimba kasinthidwa pakapita masiku awiri kapena atatu. M'malo mwa nyeleti 28 pasabata, amadzibaya kawiri kapena katatu cabe, kuonjezera pa kubaya cala popima magazi.

Zabwino zake taziona ndi maso. Shuga wa m'mawa, amene anali kukwera ndi kutsika ngati mtengo wa tomato pa Saturday Market, tsopano wakhazikika. Mwana wayambanso netibo. Sacitanso manyazi othawira kucimbudzi ca pasukulu kukadzilasa. Amai ake, amene kwa zaka zinai anali kugona khutu limodzi lili maso, ayamba kupezako tulo.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope oyamba anali nsima. Pampu siidziwa zimene zili m'mbale, uyenera kuiuza ndiwe. Mabuku amene anabwera ndi kamakinako akamba za buledi, mpunga ndi mbatatesi, mulibe mtanda wa nsima, citumbuwa, thobwa kapena cimanga cowocha ca m'mbali mwa mseu. Tinagula kasikelo ka m'khichini. Kwa mwezi wathunthu mlongo wanga anali kupima mtanda uliwonse, mwana n'kupima magazi pakapita maola awiri, n'kulemba m'kabuku ka sukulu, kenaka n'kutumiza zithunzi pa WhatsApp kwa dokotala wa ku Lusaka amene anamuikira kamakinako. Ambuye ake atabwera kucoka kumudzi anaona sikelo pathebulo n'kufunsa, "Kansi njala yafika poti nsima muyamba kupima pa sikelo?" Tinaseka, koma nchito imeneyo ndiyo inapangitsa kuti pampu ikhale ndi phindu.

Matope aciwiri anali anthu. Mphunzitsi wina anafuna kulanda kamakinako poganiza kuti ni foni, mpaka mwana anacita kukweza shati kuonetsa kapaipi pamaso pa kalasi yonse. Sindimuimba mlandu mphunzitsiyo, cifukwa kunalibe amene anamuuzako.

Matope acitatu ndi amene anatitsegula maso. Usiku wina kapaipi kanapindika pansi pa khungu, ife osadziwa. Munthu wa pa pampu alibe insulin uja wokhalitsa m'thupi amene a nyeleti amalasa m'mawa kapena usiku. Kamakina kakaleka kupereka, pakangopita maola ocepa thupi limakhala lopanda kanthu, magazi n'kuyamba kucita asidi. Ca m'ma 02:00 mwana anayamba kusanza, kapimidwe ka shuga kakuonetsa manambala opitirira 20. Cimene cinamupulumutsa ndi nyeleti yakale ndi kabotolo ka insulin zimene mlongo wanga anakana kutaya. Anamulasa monga anawaphunzitsira dokotala, tinapeza takisi, ndipo kunaca tili kucipatala, mwana ali pa diripu. Anesi anamusamalira bwino kwambiri, koma kamakinako ena a iwo kanali koyamba kukaona.

Kutaca ndinazungulira mafamasi a m'tauni kufunafuna timapaipi tina. Sindinapeze olo kamodzi. Tathu timabwera ndi anthu a paulendo kucokera ku Joni, kudzera ku Lusaka, kenaka makilomita oposa 550 a Great East Road. Katundu akacedwa sabata imodzi, tibwerera ku nyeleti. Kamakinako n'kochajing'a ngati foni, ndiye tinagulanso pawabanki, pokumbukira cilala ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse.

Ndiye kwa atate aja a ng'ombe ziwiri, yankho langa ndi ili: musagulitse coyamba. Mtengo wa pampu suthera pa tsiku logula. Mudzafunika timapaipi ndi timabotolo mwezi uliwonse, tumapepala topimira magazi kangapo patsiku, ndi dokotala woidziwa amene angayankhe foni usiku. Ngati cimodzi mwa izi cikayikitsa, nyeleti yolasidwa bwino ndi pa nthawi yake iposa pampu imene ingaime pakati pa usiku. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Anthu ambirimbiri padziko lapansi akalamba ndi Type 1 akudzilasa nyeleti cabe.

Cimene cindivutitsa mtima kwambiri ndi cimene ndimaona pa benchi ya kiliniki ya shuga ndikaperekeza mwanayu. Pamakhala amai a ku Nabvutika, a ku Mchini, ena ocokera kutali ku Chadiza ndi ku Vubwi atanyamuka kusanace. Palibe pakati pao amene alota za pampu. Nkhani yao ndi yakuti kamakina kopimira shuga ali nako, koma tumapepala twake tunatha mwezi watha ndipo ndalama yogulira kulibe. Mwana alasidwa insulin mongoganizira, ngati kuyendetsa motoka usiku popanda malaiti. Mai wina anandiuza kuti amacepetsa mlingo kuti kabotolo kafike kumapeto kwa mwezi. Mwana wa mlongo wanga ali ndi mwai cifukwa ali ndi wacibale kunja. Kodi moyo wa mwana wa m'Chipata uyenera kudalira kukhala ndi anti ku Johannesburg?

Insulin si mankhwala atsopano. Frederick Banting ndi Charles Best anaipeza ku Toronto mu 1921, ndipo mu January 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala woyamba kupulumutsidwa nayo. Amene anaipeza anapereka umwini wake ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi cabe aliyense, kuti ifike kwa onse. Papita zaka zoposa 100. Mu 2022 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti pofika 2030 munthu aliyense wa Type 1 azipeza insulin ndi zopimira shuga pa mtengo wotheka. Caka cimeneco sicili patali.

Conco pempho langa silili lakuti boma ligulire mwana aliyense pampu. Ndipempha zinthu zapansi. A ZAMMSA ndi a zaumoyo m'cigawo ca kum'mawa aike insulin, nyeleti ndi tumapepala topimira pa mndandanda wa zinthu zosayenera kutha, kuyambira pa Chipata Central Hospital mpaka ku makiliniki a m'makomboni. A NHIMA, kumene ogwira nchito tipereka 1 peresenti ya malipiro mwezi uliwonse, aone kuti wolasa insulin akulandira tumapepala tokwanira mwezi wonse, cifukwa kugoneka mwana wokomoka m'wodi kudya ndalama zambiri kuposa kabokosi ka tumapepala. A Diabetes Association of Zambia ndi akatswiri a zakudya atilembere m'Cinyanja milingo ya nsima, kandolo, thobwa ndi mango, kuti banja lililonse lisayambire pa ziro ngati ife.

Palinso zimene sitifunika kuyembekezera boma. Amene mulibe firiji musataye mtima. Insulin yosatsegula ifunika kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, koma kabotolo kamene mwayamba kugwiritsa nchito kakhoza kukhala kunja pafupifupi masabata anai. Mu 2021 a MSF ndi yunivesite ya Geneva anaonetsa kuti pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kwa ku msasa wa Dagahaley ku Kenya, insulin inakhalabe yamphamvu masabata anai amenewo. Kutentha kwathu kwa mu October kufuna nzeru: ikani kabotolo m'kacitini kotseka bwino, mukaike mu mtsuko wadothi wa mcenga wonyowa, pamthunzi.

Aphunzitsi, makondakita, amai a pamsika ndi anyamata a njinga, dziwani ici. Munthu wa shuga akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kukamba zosamveka ngati woledzera, kawirikawiri ndiye kuti shuga watsika kwambiri. Ngati akali kutha kumeza, mupatseni masupuni ang'ono atatu a shuga m'madzi kapena hafu kapu ya dirinki yotsekemera. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, thamangani naye kucipatala. Ndipo inu abusa ndi asing'anga, pemphererani wodwala mmene mungathere, koma musamuuze kuti aleke insulin. Mwana wa Type 1 akaleka, maliro sacedwa.

Pa 14 November, tsiku lobadwa Banting, dziko lonse limakumbukira matenda a shuga. Mwana wa mlongo wanga wapempha ahedi kuti akakambeko pa asembule sabata imeneyo. Ndinamufunsa ngati adzaonetsa kamakina kake. Anati, "Nizaonetsa, amalume, koma nizanyamula na nyeleti. Anzanga ambiri ni yamene ali nayo." M'cola cake ca sukulu, pambali pa mabuku, mumakhala nyeleti ziwiri, kabotolo ka insulin ndi maswiti atatu.