Thupi la mtsogoleri si lake yekha

Ngati muli ndi udindo uliwonse, kaya ndinu khansala, mfumu, mphunzitsi wamkulu kapena wapampando wa komiti, mbiri ya a Harold Washington ikukukhudzani. Tiyeni tiyione ndi maso a namwino.

A Washington anabadwa mu 1922 mumzinda wa Chicago ku America. Atabwerako ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anaphunzira zamalamulo. Kuyambira 1965 mpaka 1980 anali phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois. Kumeneko anamenyera malamulo oletsa tsankho pa ntchito, ndipo ndi iwo anabweretsa bilu yomwe mu 1973 inachititsa Illinois kukhala chigawo choyamba kukhazikitsa tchuthi chokumbukira Martin Luther King Jr.

Mu April 1983 anasankhidwa kukhala meya wa Chicago, munthu wakuda woyamba pampandowo. Zinthu sizinali zophweka. Mwa makhansala 50, makhansala 29 anagwirizana zoti azikana pafupifupi chilichonse chochokera kwa meya, ngakhale maina a anthu ofunika kuwapatsa maudindo. Mkangano unatha zaka zitatu. Mu 1986, khoti litalamula kuti malire a mawodi ena adulidwenso, zisankho zapadera zinachititsa kuti mbali ziwirizi zifanane, 25 kwa 25, ndipo voti ya meya ndiyo inkadula nkhani. Mu April 1987 anapambananso chisankho. Tsopano njira inali itatseguka.

Patangotha miyezi isanu ndi iwiri, pa 25 November 1987, anagwa ali pa desiki muofesi yawo. Mtima unaima. Anali ndi zaka 65. Madokotala atapima thupi anapeza kuti ankalemera pafupifupi makilogalamu 130, mtima unali utakula, ndipo anali ndi vuto la BP komanso mafuta ambiri m'magazi.

Onani zomwe zinatsatira. Patatha sabata imodzi, makhansala anasankha a Eugene Sawyer kuti alowe m'malo, ndipo mavoti ambiri anachokera kwa omwe ankalimbana ndi malemuwo. Gulu la anthu akuda, ochokera ku Latin America ndi azungu lomwe a Washington analimanga movutikira linagawikana. Mu 1989 mpando unapita kwa a Richard M. Daley, omwe anakhalapo mpaka 2011.

Mwina mukuti imfa sithawika, tsiku likakwana lakwana. N'zoona, ndipo palibe namwino angalumbire kuti mapiritsi akanawapatsa zaka zina 20. Koma BP si ngozi ya pamsewu. Imakwera mwakachetechete, nthawi zambiri mutu osawawa n'komwe. Mtima ukamapopa magazi mokakamiza chaka ndi chaka, minofu yake imakhuthala, mitsempha imawonongeka, mapeto ake ndi sitiroko, impso kufooka kapena imfa yadzidzidzi. Chonsecho kuyeza kumatenga mphindi zochepa, ndipo mankhwala ake alipo.

Moyo wa mtsogoleri umaitana matendawa: misonkhano yosatha, kudya mochedwa zakudya zamafuta ndi zamchere, kuyenda pagalimoto basi, tulo tochepa. Ambiri amaopanso kuoneka pamzere wa kuchipatala, poti opikisana nawo anganene kuti bwana atha mphamvu. Ife owatsatira timawonjezera vutolo. Timati kunenepa n'kukhala bwino, ndipo timafuna mtsogoleri apezeke pamaliro ponse ndi paukwati ponse.

Ine ndikuti thanzi la munthu amene anthu amupatsa mavoti kapena udindo ndi mbali ya ntchito yake, monga momwe kusamala ndalama za anthu kulili. Amene akana kuyezetsa akuika pachiswe chitukuko chomwe anthu akuyembekezera kwa iye. Amene sakonzekeretsa wina woti adzalowe m'malo mwake akuchita chimodzimodzi.

Choncho mwezi uno pitani mukayezetse BP, shuga ndi sikelo. Ngati BP ikupezeka pa 140/90 kapena kuposa poyeza kangapo, kambiranani ndi a chipatala, ndipo mukayamba mankhwala musasiye chifukwa choti mukupeza bwino. Ngati simuli pa udindo, mufunseni mwaulemu amene amakutsogolerani kuti anayezetsa liti.