YENDERANI NSHAWA ZANU ZISANACITE MALUWA

Alimi a maluwa okometsera nyumba, amene ali pafupi ndi Lusaka natumiza maluwa ao ku Ulaya, amayendera mbeu zao kawiri-kawiri ndi kutembenuza masamba kufuna matenda, cifukwa adziwa kuti mbeu yodwala siicita maluwa abwino. Inu alimi a ku Sasare, ndi anzanu a ku Petauke ndi ku Nyimba, mudzati, “Ife sitidya maluwa.” Koma ife tikuti mumadya, pakuti nshawa iri yonse ya m'nkhokwe mwanu inayamba ndi duwa.

Patapita mwezi ndi masiku pang'ono cibzalire, nshawa ziyamba kuturutsa timaluwa tacikasu. Duwa likafota, pamera kamsonga kamene kalowa m'dothi, ndipo kunsonga kwace kubala nshawa. Cifukwa cace cinthu copha maluwa ndi copha zokolola.

Mdani wamkuru ndiye khate la nshawa. Masamba asanduka acikasu ndi a mawanga, akhala ang'ono ndi opotana, ndipo tsinde lipinimbira. Nthendayi inaoneka koyamba ku Tanganyika m'caka ca 1907. M'caka ca 1928 akatswiri awiri, Storey ndi Bottomley, anasonyeza ku South Africa kuti cimene cimaifalitsa ndi nsabwe za m'masamba, zoyamwa madzi a mbeu yodwala ndi kukaluma yamoyo. Nthendayi siyenda m'mbeu yobzala ai, ndiponso siicokera kwa mnansi wanjiru. Ikagwira nshawa zisanacite maluwa, mlimi angakolole masamba okha. M'caka ca 1995 khate linagwira minda ya nshawa yokwana mahekitala ngati 43,000 kuno ku Cigawo ca Kum'mawa.

Mankhwala ociza tsinde lodwala palibe. Cotero nchito yonse iri pa kuona msanga ndi kucinjiriza.

Coyamba, bzalani ndi mvula yoyamba, kuti nsabwe zikacuruka zipeze nshawa zitakula kale. Caciwiri, bzalani mothithikana ndi kupakiza pamene sizinamere, pakuti nsabwezi zikonda kutera m'munda wa mipata, mooneka dothi. Cacitatu, zulani nshawa zomera zokha m'cilimwe, popeza nthenda ibisala m'menemo kudikira dzinja. Cacinai, yendani m'mizere yonse kamodzi pa sabata, ndipo tsinde lodwala mulizule ndi kulikwirira.

Ena ati kuzula mbeu ndiko kutaya cakudya. Tiwafunse: kodi tsinde lopinimbira lija likadakupatsani nshawa zingati? Mukalisiya mulera nthenda, ndipo nsabwe zidzaitenga pamenepo ndi kuigawira mizere yonse. Ena ati nchito ya cimanga iwacurukira, nshawa zidzabzalidwa pambuyo. Amenewa akumbukire kuti nshawa ndizo ndiwo, ndizo phala la ana, ndizonso ndarama za sukulu.

Akatswiri a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ndi a ku Chitedze, ku Malawi, akhala zaka zambiri akuyesa mitundu ya nshawa yopirira khate. Umodzi wa iyo uchedwa Chishango kuno ku Zambia, ndi Nsinjiro ku Malawi. Calimbana yathu ija njokoma, koma siilimba ku nthendayi. Funsani mlangizi wa malimidwe za mbeu yoyenera munda wanu, pakuti safunsa anadya phula.

Akatswiri acita mbali yao. Koma iwo sangafike m'munda uli wonse. Maso amene adzaona tsamba loyamba lacikasu ndi anu.